Chenjezo kwa Anthu a ku Dedza: Njoka Zam'mimba mwa Galu Zimalowanso mwa Anthu

Uthenga uwu ukupita kwa aliyense amene ali ndi galu pakhomo m'boma la Dedza, kuyambira pa boma penipeni, ku Bembeke, ku Linthipe, ku Mayani, ku Lobi, pa Chimbiya, mpaka kumalire ndi Mozambique. Ukupitanso kwa makolo a ana okwawa, alimi a m'madimba, ndi onse amene amapha mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe m'misika ndi m'midzi. Inu amene mulibe galu musanene kuti sizikukukhudzani, chifukwa galu wa khomo loyandikana nanu sapempha chilolezo akafuna kudzithandiza kuseri kwa khitchini yanu.

Galu timamuopera mano. Akaluma munthu, mudzi wonse umaganiza za chiwewe, ndipo n'zomveka, poti chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Koma zimene galu amasiya pansi akadzithandiza sitizilabadira, pamene m'menemo ndi momwe mumakhala mazira a njoka zam'mimba, aang'ono kwambiri moti maso sangawaone. Ambiri akabayitsa galu katemera wa chiwewe amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, n'kumati galu wathu ndi wobayidwa, alibe matenda. Dziwani kuti katemera wa chiwewe sapha njoka ngakhale imodzi. Galu akhoza kubayidwa chaka ndi chaka, n'kumamwazabe mazira pabwalo pamene mwana wanu amakwawa.

Nkhaniyi si yongomva za kutali. M'chaka cha 2016 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma la Dedza. Akatswiri a zaziweto anayeza agalu 100, onse okhala ndi eni ake, ndipo anaunika chimbudzi cha agalu 40 mwa agaluwo. Mwa 40 amenewo, 32 anapezeka ndi mazira a njoka zoyamwa magazi m'matumbo. Ena anali ndi mitundu ina ya njoka. Mwa agalu amene anabwera nawo ku misonkhano ya katemera, pafupifupi onse, 98 pa 100 aliwonse, anali ndi utitiri. Ngati zili choncho mumzinda umene uli ndi zipatala za ziweto komanso bungwe losamalira nyama la LSPCA, kuli bwanji kwa galu wa kumudzi, amene chibadwire sanalaweko mankhwala a njoka, ndipo chakudya amadzifunira yekha kudzala?

Njoka imene ndikufuna muimvetse bwino kuposa zonse ndi imene akatswiri amaitchula kuti Toxocara canis. Ndi yoyera, yozungulira, yaitali ngati chala kapena kuposerapo, ndipo nthawi zina kamwana ka galu kamaisanza ili yamoyo, itadzipindapinda. Choopsa chake n'chakuti tiana ta galu timabadwa nayo kale. Mphutsi zake zimabisala m'thupi mwa galu wamkazi, ndipo akatenga bere zimadzuka n'kulowa mwa ana akadali m'mimba. Pomafika milungu itatu chibadwire, kamwana kaja kamakhala katayamba kale kutulutsa mazira. Njoka yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku limodzi. Mukaona kagalu kali ndi kamimba kofufuma koma nthiti zikuwerengeka, ubweya uli nyankhalala, musati kakhuta madeya. Nthawi zambiri zimakhala njoka.

Tsono taganizirani kumene agalu athu amaswera: pansi pa nkhokwe, pakona ya khitchini, m'khonde. Ndipo tiana ta galu timapatsa ndani? Ana. Amatinyamula, kutipsompsona, kugona nato pamphasa, kenako n'kutenga mbatata yootcha ndi manja omwewo.

Mazira a njoka imeneyi akangotuluka sakhala oopsa tsiku lomwelo. Amafuna milungu iwiri mpaka inayi m'dothi kuti akhwime. Akakhwima amakhala amoyo miyezi yambiri, ngakhale zaka, chimbudzi chenichenicho chitasungunuka kalekale ndi mvula, pamalo pakuoneka poyera posesedwa bwino. Pali ena amene amaganiza kuti kuzizira kwa kuno kumapiri kumapha tizilombo. Ayi ndithu. Chimene chimapha mazirawa ndi dzuwa loswa mtengo ndi kuuma kwa dothi. Nkhungu, mame ndi mthunzi, zimene Dedza ali nazo zambiri pokhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, zimawasunga. Chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimawonjezeranso vuto lina: galu amalowa m'khitchini kudzagona paphulusa, pafupi ndi mafuwa, pomwe pali miphika, zipande ndi mwana amene akuwotha moto.

Mwana akameza dzira lokhwima, kaya ndi dothi la m'zikhadabo kapena chakudya chogwa pansi, mphutsi imaswa m'matumbo n'kuboola kulowa m'magazi. Mwa munthu siikula kukhala njoka yaikulu. Imangoyendayenda m'chiwindi, m'mapapo, mwina kufika ku diso kapena ku ubongo. N'chifukwa chake kuyeza chimbudzi cha mwanayo sikuionetsa. Ambiri amene amameza mazirawa sadwala moonekera, ndipo tisakokomeze. Koma ena, makamaka ana aang'ono okonda kudya dothi, amatentha thupi, kutsokomola, kubanika ngati a mphumu, kuwawa m'mimba, kuonda, ndipo chiwindi chimatupa. Kuno kwathu mwana akatentha thupi timathamangira kunena malungo. Akamuyeza n'kupeza kuti malungo alibe koma sakuchira, uzani adokotala kuti pakhomo pali tiana ta galu.

Mphutsi imodzi yokha ikalowa m'diso ikhoza kuliwononga mpaka kalekale, ndipo kawirikawiri limakhala diso limodzi. Mwana sadandaula msanga poti linalo likuona. Makolo amangozindikira kuti diso layamba kuyang'ana kumbali, lafiira, kapena pakati pake pakuoneka poyera. M'chaka cha 1950, katswiri wina wa ku America, Helenor Wilder, anaunikanso maso 46 amene anachotsedwa kwa odwala, ambiri mwa iwo ana, madokotala poganiza kuti ena mwa iwo anali ndi khansa. M'maso 24 anapezamo mphutsi za njoka kapena zotsalira zake. Patapita zaka zochepa zinadziwika kuti inali njoka ya galu yomweyi. Mwana akayera pakati pa diso, musadonthezeremo mankhwala azitsamba kapena mkaka wa m'mawere. Pitani naye kuchipatala cha boma ku Dedza, ndipo akakutumizani ku Nkhoma kapena kuchipatala cha maso cha pa Kamuzu Central ku Lilongwe, musazengereze, chifukwa chizindikiro chomwecho chimathanso kukhala khansa ya m'diso, imene imapha ikachedwa kupezeka.

M'chaka cha 2019 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko ambiri, n'kupeza kuti munthu mmodzi mwa asanu aliwonse padziko lapansi ali ndi chizindikiro m'magazi chosonyeza kuti njoka imeneyi inamulowapo. Mu Africa muno chiwerengerocho chinali pafupifupi 38 pa anthu 100 aliwonse, kuposa chigawo china chilichonse.

Amayi oyembekezera, nanunso mumve. Chilakolako cha dothi tikuchidziwa, ndipo sitikukunyozani. Koma chulu chimene mumakumbapo, agalu amakweranso pomwepo. Chilakolako chimenecho nthawi zambiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi, choncho kanenani ku sikelo akupatseni mapiritsi owonjezera magazi.

Mtundu wachiwiri wa njoka ndi uja unapezeka mwa agalu ambiri ku Lilongwe, njoka zing'onozing'ono zokhala ndi mano, zimene zimaluma khoma la matumbo n'kumayamwa magazi. Tiana ta galu timazitenga poyamwa. Kagalu kamayera nkhama, kamachita chimbudzi chakuda chonanda, kenako kamafa, eni ake n'kumati kadyetsedwa poizoni ndi anansi. Maudani ena a m'midzi amayambira pamenepa. Mazira a njokazi amaswa m'dothi lachinyontho, ndipo pakatha mlungu umodzi kapena kuposerapo pang'ono mphutsi zimakhala zokonzeka kuboola khungu la aliyense wopondapo wopanda nsapato kapena wokhalapo pansi. Zikalowa zimayenda pansi pa khungu, n'kusiya kamzere kofiira kokhotakhota, kotukuka, kamene kamasuntha pang'ono tsiku lililonse. Kuyabwa kwake n'kosagonetsa tulo. Kamapezeka kwambiri kumapazi, m'manja ndi m'matako mwa ana okhala pamchenga. Anthu amati ndi zipere, ena amati mwana waponda mankhwala. Ena amafika potema ndi lezala kapena kuthira palafini, chilonda n'kusanduka chachikulu. Musateme. Kuchipatala kuli mapiritsi amene amathetsa vutoli m'masiku ochepa.

Nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, ndi imene mphutsizi zimachuluka. Ndi nthawi yomwenso timakhala m'minda ya mbatatesi ndi nyemba, manja ali m'dothi, mwana atakhazikidwa pansi kumapeto kwa mzere, galu ali chapafupi. Muyalireni mwanayo thumba kapena mphasa.

Za utitiri ndinene mwachidule. Pali njoka yaphanthiphanthi imene galu amaitenga akameza utitiri podzikanda ndi mano. Tizidutswa take timaoneka pansi pa mchira wa galu kapena pogona pake, toyera ngati mpunga, tikuyenda. Mwana akameza utitiri mwangozi, nayenso amaitenga. Siyoopsa kwambiri ndipo imachizika mosavuta, koma simungaithetse mwa galu utitiri ukadalipo.

Tsopano ndilankhule ndi inu opha nyama, chifukwa gawo ili lili m'manja mwanu. Aliyense amene anaimapo pamene akusenda mbuzi pamsika amadziwa mmene zimakhalira. Mbuzi yapachikidwa pamtengo, chiwaya chikutentha chapafupi, ndipo agalu atatu kapena anayi akhala pansi mozungulira, maso ali pampeni. Wosenda akatumbula, amapeza kathumba ka madzi kakulendewera pamafuta a matumbo, kapena chotupa m'chiwindi kapena m'mapapo. Amadziwa kuti wogula sangachilandire. Amachidula bwinobwino, n'kuchiponyera galu. Galu amachiwakha chisanafike pansi.

Kathumba kameneko si madzi wamba. M'kati mwake muli mitu ya njoka, imene ikudikira kulowa m'mimba mwa galu kuti ikule. Ikakula, galu amamwaza mazira pamsipu, mbuzi ina imadya, n'kuchitanso zotupa. Tikamaponyera galu chotupacho, ndife tikubzala matendawo ndi manja athu.

Mwa njoka zoyenda njira imeneyi, yoopsa kwambiri kwa munthu ndi ya Echinococcus. Mwa galu ndi kakang'ono zedi, sikafika ngakhale sentimita imodzi, ndipo galu akhoza kukhala nazo zikwizikwi osaoneka kudwala. Mazira ake ndi oopsa kuyambira nthawi yomwe atuluka, ndipo amamatirira ku ubweya ndi kukamwa kwa galu, poti galu amadzinyambita kumbuyo. Munthu akawameza, m'chiwindi kapena m'mapapo mwake mumayamba chotupa cha madzi chimene chimakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri mwakachetechete. Wodwala amadzazindikira mimba itatupa mbali ya kumanja, kapena akutsokomola kosalekeza, mwina mpaka magazi, anthu n'kumati ndi chifuwa chachikulu. Chotupacho chikaphulikira m'kati munthu akhoza kufa mwadzidzidzi. Kuchiza kwake kumafuna mankhwala a miyezi ingapo, ndipo nthawi zambiri opaleshoni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu opitirira 1 miliyoni ali ndi matendawa pa nthawi ina iliyonse. Ku Turkana, kumpoto kwa Kenya, kumene agalu amagona m'nyumba limodzi ndi anthu ndiponso kunyambita ana, ndi amodzi mwa malo amene matendawa anafala kwambiri padziko lonse. Kuno kufupi, zotupazi zapezekapo m'ng'ombe zophedwa kuchigawo cha kumadzulo kwa Zambia.

Inanso ndi imene imachititsa mbuzi kapena nkhosa kuzungulirazungulira pamalo amodzi, mutu utapendekeka, mpaka kugwa. Mukaswa mutuwo mumapeza kathumba ka madzi mu ubongo, kali ndi timadontho toyera. Zotupa za mtundu umenewu zinapezeka m'mbuzi zophedwa ku Tete, chigawo chimene tachita nacho malire, ndipo ziweto ndi agalu sadziwa malire. Mbuzi yotere imaphedwa msanga isanafe yokha, ndipo mutu wake, poti anthu amaukayikira, umapita kwa galu. Pamenepo mwataya mbuzi imodzi ndipo mwakonzera zina njira yomweyo. Mwa apo ndi apo kathumbaka kamamera ngakhale mu ubongo kapena m'diso la munthu.

Dziko la New Zealand, la nkhosa zambirimbiri, linavutika ndi zotupa za m'chiwindi zija kwa zaka zochuluka, koma m'chaka cha 2002 linalengeza kuti lathana nazo. Chimene anachita si chodabwitsa: analetsa kupatsa agalu zam'kati zosaphika, ndipo agalu ankamwetsedwa mankhwala pa nthawi yake. Ifenso tingathe. Chiwindi, mapapo, matumbo kapena mutu wokhala ndi chotupa, tenthani pamoto kapena kwirirani m'dzenje lakuya limene galu sangafukule. Zam'kati zabwinobwino zimene mukufuna kupatsa galu, ziwiritseni kaye mpaka zipse. Makomiti a misika ndi mafumu, ikani dzenje lokhala ndi chivindikiro pamalo ophera nyama, ndipo agalu asayandikirepo. Alenje a mbewa ndi akalulu, lamulo ndi lomwelo pa matumbo amene mumaponyera agalu kuthengo.

Mankhwala a njoka za agalu alipo, ndipo ndondomeko yake ndi iyi. Tiana ta galu timwe tikakwanitsa milungu iwiri, kenako pa milungu inayi, isanu ndi umodzi, ndi isanu ndi itatu, ndipo mayi wake amwe nthawi yomweyo. Kuchokera apo, kamodzi pamwezi mpaka titakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Galu wamkulu amwe miyezi itatu iliyonse, kanayi pachaka. Kumwetsa kamodzi n'kusiya sikuthandiza, chifukwa galu amatolanso njoka zina mawa lake. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi, ndipo munene kuti mukufuna mankhwala ophanso njoka zaphanthiphanthi. Amene amapha zimenezo ndi a praziquantel. Jakisoni wa ivermectin, amene ambiri amamukhulupirira kuti amapha chilichonse, njoka zaphanthiphanthi sazikhudza.

Musatenge mankhwala a ng'ombe kapena a mbuzi n'kumwetsa galu mongoyerekeza ndi maso. Mlingo umayendera kulemera kwa galu, ndipo ena mwa mankhwalawa amavulaza galu, makamaka wabere. Galu akamwa mankhwala, mumangirireni masiku awiri, ndipo zonse zimene watulutsa muzikwirire kapena kuzitentha, poti nthawi imeneyo ndi pamene amatulutsa njoka ndi mazira ambiri.

Ntchito yaikulu koposa ndi ya khasu. M'mawa uliwonse, ana asanayambe kusewera, wolani chimbudzi cha galu ndi khasu kapena fosholo, n'kukachitaya m'chimbudzi chokumba kapena kuchikwirira mozama kutali ndi chitsime. Kumbukirani kuti mazira a njoka yowononga maso ija amafuna milungu kuti akhwime, choncho wowola tsiku ndi tsiku amawapeza asanakhale oopsa. Musasese ndi tsache n'kukankhira kumpanda, kumeneko n'kumwaza chabe. Musachiphatikize ku manyowa a kudimba. Ntchitoyi musatume mwana wamng'ono.

Alimi a kabichi, tomato, karoti ndi masamba, mbewu zanu zimadyedwa mpaka ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Tchingani madimba, ndipo zitsime za m'dambo muzivindikire, chifukwa madzi a mvula amakokolola zonse za kumtunda n'kuzitsitsira momwemo. Ogula, tsukani masamba ndi madzi ambiri, makamaka odya osaphika monga kabichi wa pa tchipisi. Klorini amene timathira m'madzi ndi wofunika pa kolera ndipo musamusiye, koma mazira a njokazi ali ndi chikamba cholimba chimene klorini sachiboola. Chimene chimawapha ndi moto: kuwiritsa madzi ndi kuphika chakudya. M'manja namo, sopo ndi madzi othira ndi zimene zimawachotsa. Mpondagiya ukhale ndi madzi, osati wongoonetsa alangizi a zaumoyo akabwera.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ziyenera kutha lero. Choyamba, kusiyira galu mbale ndi miphika kuti anyambite tisanatsuke. Galu akhale ndi mbale yakeyake, ndipo ziwiya zikhale pathandala. Chachiwiri, chimene ambiri sitikonda kuchitchula pagulu: kuitana galu kuti adzadye chimbudzi cha mwana wakhanda, mwinanso kumunyambita kumene. Lilime limenelo langochoka pansi pa mchira wake.

Ena adzati ana athu amalandira kale mankhwala a njoka kusukulu. N'zoona, ndipo aziwalandira. Koma piritsi limodzi lija cholinga chake ndi njoka za anthu zokhala m'matumbo. Mphutsi ya galu imene yalowa m'chiwindi kapena m'diso imafuna chithandizo china, cha masiku angapo, cholembedwa ndi dokotala. Komanso ana amene ali pachiopsezo chachikulu ndi aja osayamba sukulu, okwawa ndi oyamba kuyenda.

Chenjezoli lisakhale chifukwa chothamangitsira agalu, kuwataya kumsika kapena kuwathirira tameki. Galu wotayidwa ndiye amamwaza mazira m'mudzi monse popanda womumwetsa mankhwala, ndipo poizoni woikira galu amapha nkhuku, amphaka, ngakhale mwana. Galu amatilondera nyumba, khola ndi munda. Ngati agalu akuchulukirani, funsani a zaziweto za kufula amphongo ndi kutseka aakazi. Ndipo katemera wa chiwewe apitirire chaka chilichonse. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo, werengani uthengawu pamisonkhano yanu. Ndipo inu kholo, ngati mwana wanu ali ndi kamzere koyabwa koyenda pakhungu, ngati akutentha thupi ndi kutsokomola koma malungo sakupezeka, ngati mimba yatupa mbali imodzi, kapena diso lake layamba kuyera pakati kapena kuyang'ana kumbali, pitani naye kuchipatala sabata ino, ndipo mukafika munene kuti pakhomo pali galu.